Kodi ndimulole mwana wanga akachite uphunzitsi?

Funso

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Benga m'boma la Nkhotakota. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anakhoza bwino MSCE ndipo dzina lake latuluka kuti akayambe maphunziro a uphunzitsi ku TTC. Iye wakondwa, koma malume ake akukana. Akuti uphunzitsi ndi ntchito ya anthu osowa pogwira, ndalama zake ndi zochepa moti mlovi wa usipa amawaposa, ndiponso aphunzitsi a masiku ano amangodandaula chonsecho amaweruka masana n'kumapuma maholide atatu pachaka. Akuti bola ndalama yomwe tikanamugulira zofunika ku koleji timupatse ayambe geni. Zoona zake ndi ziti?

Yankho

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mukandiyamikirire mtsikanayo. Mwana wamkazi wokulira m'mbali mwa nyanja, kumene anzake ambiri amathera Sitandade 6 kapena 7, kuti afike polemba MSCE n'kukhoza mpaka dzina kutuluka ku TTC, si nkhani yamasewera. Inunso mwagwira ntchito.

Muloleni apite. Ndikunena izi ine amene ndagwira choko zaka zoposa makumi atatu m'sukulu za ku Salima ndi Nkhotakota, kenako n'kukhala mlangizi wa aphunzitsi m'zoni, gulu la sukulu zoyandikana, mpaka kupuma. Koma sindikuuzani kuti malume akewo akunama ayi. M'mawu awowo muli zoona zenizeni, muli zoona zapakatikati, mulinso zina zomwe angomva pa bawo. Mwanayo apite akudziwa zonsezi, chifukwa aphunzitsi amene ndawaona akufooka msanga ndi aja analowa ntchitoyi atangouzidwa zokoma zokhazokha.

Pa nkhani ya ndalama malume akunena zoona, ndi zochepadi. Mphunzitsi wa pulayimale akalembedwa ntchito m'boma amayambira pa giredi yomwe kale tinkaitcha PT4, lero akuti TL. Pamwamba pake pali TK, TJ ndi TI, zomwe zinali PT3, PT2 ndi PT1. Papepala makwerero amenewa amaoneka bwino. Koma munthu sakwera chifukwa choti zaka zakwana. Amadikira kuti boma lilengeze mipata, alembe kalata, aitanidwe ku intavyu ya Teaching Service Commission, bungwe la boma lolemba ndi kukweza aphunzitsi, apambane, ndiye adikirenso kuti giredi yatsopanoyo ionekere pa malipiro. Ndagwirapo ntchito ndi amayi ndi abambo amene anakhala pa PT4 zaka khumi ndi zisanu, ena kuposerapo, akuphunzitsa bwino lomwe, mpaka ana amene anawaphunzitsa Sitandade 3 kukula, kupita ku koleji, n'kubwera kudzakhala nawo pa sukulu yomweyo pa giredi imodzimodzi. Mukamamva aphunzitsi akudandaula, kwambiri chimawawa ndi chimenechi, kuti zaka zikupita koma munthu ali pomwepo.

Ndiye pali kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Wogulitsa sopo, shuga ndi mafuta ophikira pa Benga anakweza mitengo sabata yomweyo. Wa kabaza anakweza. Mwini nyumba ya lendi anakweza. Mphunzitsi alibe chomwe angakweze. Iye amadikira bajeti, ndipo kachowonjezerako kakamafika mitengo imakhala itapita kale kutali. Mu 2010 boma linayambitsa alawansi ya K5,000 pamwezi kwa aphunzitsi a kumidzi, ndipo nthawi imeneyo inali ndalama yooneka, munthu ankaguladi nayo kanthu. Ngakhale inadzakwezedwako, mitengo inaimeza.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso. Tsiku lina titamaliza msonkhano wa zoni pa TDC, malo okumanirapo aphunzitsi a m'zoni, mphunzitsi wina wachinyamata anatsalira anzake onse atapita. Anatulutsa kapepala ka malipiro m'thumba la shati, kopindapinda, n'kukayala patebulo langa osanena kanthu. Pamwamba panali malipiro onse. Pansi pake msonkho. Kenako ngongole ya kubanki yomwe anatenga pa maliro a bambo ake. Kenako ngongole ya kampani ina yobwereketsa ndalama, yomwe anatenga kuti akwirire dzenje la yoyamba ija. Chotsala kumapeto sichinkakwana lendi ndi thumba limodzi la chimanga. Anandiyang'ana n'kuti, "Bwana, mwezi uno ndiyambire pati?" Anali mphunzitsi wabwino wa masamu, wosajomba, wosamwa mowa. Masiku otsala a mweziwo ankadalira kukongola pa golosale ndi katapila.

Ulemu wa mphunzitsi umathera pamenepa, Mayi. Osauka m'mudzi ndi ambiri, koma umphawi wa mphunzitsi uli pambalambanda. Aliyense amadziwa tsiku lomwe amalandira, ndipo aliyense amadziwa akachedwa kulandira. Dzina lake lili m'buku la ngongole pa golosale, ndipo mwana wa mwini golosaleyo amakhala kutsogolo m'kalasi mwake. Bamboyo akanena madzulo pa nsima kuti "aticha ako aja sanandibwezerebe", mawa lake mwanayo amamuona mphunzitsiyo ndi diso lina. Anthu amakumbukiranso masitalaka. Mu Juni 2017 aphunzitsi ananyanyala ntchito m'dziko lonse chifukwa cha ndalama za tchuthi zomwe sanapatsidwe, mpaka ana a sukulu m'madera ena anakatseka misewu. Kumayambiriro kwa 2021, nthawi ya Covid-19, bungwe la Teachers Union of Malawi linatsogoleranso sitalaka yofuna alawansi ya chiopsezo. Kholo limangokumbukira kuti mwana anakhala pakhomo masabata angapo. Chomwe chinayambitsa sitalakayo chimaiwalika, n'kutsala mawu akuti aphunzitsi ndi okonda kudandaula.

Pali chinthu china chomwe malumewo sanachitchule, ndipo kwa ine ndicho chachikulu kuposa zonse zomwe atchula. Kumaliza TTC si kuyamba ntchito. Maphunzirowa, omwe amatchedwa IPTE ndipo anayamba mu 2005, ndi a zaka ziwiri, nthawi ina ku koleji, nthawi ina kuyeserera kuphunzitsa pa sukulu. Kale munthu ankati akamaliza, kalata yomutumiza ku sukulu inkamupeza asanatsukenso thumba. M'zaka zapitazi magulu angapo a IPTE akhala pakhomo zaka ziwiri, zitatu kapena kuposerapo, setifiketi ili m'sutikesi, akudikira kuti boma lipeze ndalama yowalembera ntchito. Ena amatengedwa kaye ngati aphunzitsi othandizira, n'kumalandira kandalama kochepa kuposa malipiro enieni. Ena amakagwira ku sukulu za pulaiveti. Mwana wanu akonzekere nyengo imeneyo, ndipo inu monga banja muikonzekere naye, kuti isadzakhale nthawi yomunena kuti "si paja tinakuuza".

Tsopano za mlovi wa usipa. Mawu amenewa ndawamva ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Chia, paliponse pamene pali doko. Ndipo n'zoona kuti usiku umodzi wa mdima wabwino, nyanja ili phee, ukonde wa chilimira ukadzaza, ndalama imalowa yomwe mphunzitsi sangaione pa sabata. Koma afunseni malumewo kuti ndalamayo imalowa kwa yani. Mwini ukonde, bwato ndi injini ndi wina, alovi okoka ndi ena, ndipo gawo lawo si limodzi. Afunseninso za miyezi ya mwera, pamene mabwato amagona pamchenga masiku angapo otsatizana, za usiku wa mwezi wowala pamene usipa subwera ku nyali, za mafuta a injini omwe apsa koma ukonde n'kubwera wopanda kanthu. Anthu amawerengera tsiku lomwe mlovi wapha, masiku omwe wabwera chimanjamanja sawawerenga. Mlovi akadwala msana kapena akakalamba, nyanja simudziwanso. Mphunzitsi wa boma, ndi kuchepa konse kwa malipiro ake, amalandira mwezi uliwonse, mwera kaya mpoto. Akadwala ntchito siitha. Mayi akachira amapita ku tchuthi cha uchembere n'kudzaipeza ntchito yake ilipo. Akapuma pali penshoni. Ine ndikudya penshoni imeneyo lero. Ndi yochepa, koma anzanga amene tinkasambira limodzi kunyanja tili ana, amene anasankha ukonde, ambiri akudalira ana awo pa chilichonse.

Sindikunyoza usodzi kapena geni. Ndaphunzitsa ana ambiri amene fizi yawo ya ku sekondale inachokera pa thandala la usipa la amayi awo. Ndikungoti muyeso wake ukhale wa chaka chonse, ngakhalenso wa moyo wonse.

Kunena zoona, amene amamupweteka mtima mphunzitsi si mlovi. Pitani ku Salima, muime pa Kamuzu Road Lolemba m'mawa, muone galimoto za boma ndi za mabungwe zikutsetserekera ku mahotela a ku Senga Bay. Kumeneko kuli misonkhano pafupifupi sabata iliyonse, ndipo wopita kumsonkhano amalandira alawansi ya tsiku ndi tsiku pamwamba pa malipiro ake. Wogwira ntchito mu ofesi akhoza kupeza pa masiku ochepa a msonkhano ndalama yofanana ndi gawo lalikulu la malipiro a mphunzitsi a mwezi wathunthu. Mphunzitsi wa kalasi mwayi wotere amauona patalipatali: kuyang'anira mayeso a MANEB, kugwira ntchito ya chisankho, kalembera. Onsewa ndi antchito a boma limodzi, ena mwa iwo anali kalasi imodzi ku sekondale. Galimotozo zimadutsa pafupi ndi sukulu zomwe ana akukhala pansi, ndipo mphunzitsi amaziona ali pa bolodi. Mkwiyo wa aphunzitsi ambiri umachokera pamenepo.

Nanga n'chifukwa chiyani boma silingowakwezera? China mwa zifukwa ndi kuchuluka kwawo. Aphunzitsi ndiwo gulu lalikulu kwambiri pakati pa ogwira ntchito m'boma. Mukawonjezera K10,000 yokha kwa aphunzitsi 10,000, ndiye kuti K100 miliyoni pamwezi, ndipo aphunzitsi a pulayimale alipo zikwi makumi angapo. Kagulu kochepa ka akuluakulu kakhoza kukwezeredwa mwakachetechete bajeti osagwedezeka, koma aphunzitsi ayi. Ndikumvetsa masamu amenewa, koma sindiwavomereza ngati chifukwa chosiyira munthu pa giredi imodzi zaka khumi ndi zisanu, kapena chomuyendetsera maulendo asanu ku boma kukalondola ndalama zake zomwe anagwirira kale ntchito.

Zoti amaweruka masana n'kumapuma maholide atatu, apa ndiye malume alakwitsa, ndipo ndikanakonda akanalowa m'kalasi ya Sitandade 1 mwezi wa Okutobala. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. M'makalasi ang'onoang'ono a kuno kunyanja kupeza ana oposa 100 si chachilendo. Ndikukumbukira mayi wina amene ndinapita kukamuyendera pa sukulu ina ya m'mphepete mwa msewu wa M5. Ana anali atadzaza chipinda mpaka pakhomo, atakhala pa simenti yokumbikakumbika, malata akutentha ngati chiwaya. Mayiyo analibe poponda. Kuti afike kwa mwana wa kumbuyo ankadutsa chammbali, akukweza mwendo pamwamba pa timiyendo ta ana. Wina akulira njala, wina wadzikodzera, awiri akulimbirana kachidutswa ka pensulo, wina wabwera ndi mng'ono wake kumsana chifukwa amayi apita kudimba. Iye akuimbitsa nyimbo ya malembo, akugwira dzanja la mwana mmodzimmodzi kumusonyeza kulemba "a". Pofika 10 koloko mawu anali atasasa, chitenje chili choko yekhayekha. Atawatulutsa anawo anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mulu wa makope.

Tawerengani nokha. Makope 120, kope lililonse mphindi imodzi yokha kuchonga, ndi maola awiri, ndipo limenelo ndi phunziro limodzi. Pali kulemba mapulani a maphunziro a mawa, kudzaza rejisitala, kukonza zipangizo zophunzitsira ndi makatoni, timitengo ndi zitsekerero za mabotolo chifukwa zogula palibe. Masikimu a teremu yotsatira amalembedwa pa holide yomwe anthu amaichitira nsanjeyo. Wa Sitandade 8 amabwerera masana ndi Loweruka kukonzekeretsa ana mayeso. Zonsezi sizioneka kwa munthu wodutsa pamsewu, iye amangoona aphunzitsi akupita kwawo dzuwa lili pamutu. Akuluakulu anati ali dere n'kulinga utayenda naye.

Komanso ndisabise. Mbiri yoipa ya aphunzitsi sinagwe kumwamba. Alipo ojomba Lolemba lililonse. Alipo ofika m'kalasi akununkha kachasu. Alipo osiya ana okha n'kukayendetsa kabaza nthawi ya ntchito, ndi ena ophunzitsa mwaulesi m'mawa kuti ana abwere ku "pati taimu" yolipira masana. Ndipo alipo, ndimachita manyazi kunena, amene anapereka mimba kwa ana a sukulu, ndipo m'malo mochotsedwa ntchito ankangosamutsidwira ku sukulu ina. Milandu yotere ndaikhalirapo, ndipo kholo limene mwana wake anachitidwa zimenezi silingamve chilichonse chokoma cha aphunzitsi, ndipo sindingaliimbe mlandu. Kuchepa kwa malipiro kukhoza kufotokoza za kabaza, koma sikungafotokoze zoononga mwana. Aphunzitsi abwino, omwe ndi ambiri, amasenza manyazi a ochepawa, ndipo ife a ntchitoyi tinalakwa pomabisana.

Mwina malume akewo ndi a msinkhu wanga, ndipo akukumbukira nthawi imene mphunzitsi anali munthu wamkulu m'mudzi. Ku Nkhotakota ulemu wa wophunzitsa ndi wakale kwambiri. Ku Linga, kuyambira nthawi ya a Jumbe, mwalimu wa ku madrasa anali munthu wolemekezeka. A mishoni ya Anglican atakhazikika pa Nkhotakota m'zaka za m'ma 1890, ndiponso a Dutch Reformed atayamba ku Mvera mu 1889 n'kumatsegula sukulu za m'midzi, mphunzitsi anali mlaliki, mlembi ndi mlangizi nthawi imodzi. Kalata ikachokera ku Joni kapena ku Salisbury (lero Harare), kwa abambo amene anapita ku migodi ndi m'mafamu, inkapita kwa aphunzitsi kuti akaiwerenge ndi kuiyankha. Ine ndinayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980 ndi setifiketi ya uphunzitsi ya T2, ndipo zina mwa zimenezi ndinazipeza. Pa maliro ankandipatsa mpando pafupi ndi mfumu ndili mnyamata wosakwatira. Amayi ankabwera ndi mtanga wa chinangwa cha kondowole kapena mpunga osapemphedwa. Koma musaganize kuti tinali olemera. Njinga ndinaigula patatha zaka. Tinkalemekezeka chifukwa tinali ochepa, ndipo tinkadziwa chinthu chomwe ambiri m'mudzi sankachidziwa.

Zinasintha mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale. Ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Linali ganizo labwino, ndipo mwina inuyo kapena ang'ono anu munalowa sukulu chifukwa cha ilo. Koma aphunzitsi panalibe. Boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 amene sanapite ku koleji ya uphunzitsi, ambiri a JCE, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa, kenako choko m'manja. Anadzaphunzitsidwa pambuyo kudzera mu pulogalamu ya MIITEP yomwe inayamba mu 1997. Anthu m'midzi anaona mnyamata amene dzulo ankaweta mbuzi nawo limodzi lero akutchedwa aphunzitsi, ndipo mawu akuti "uphunzitsi angachite aliyense" anabadwira pamenepo. Ambiri mwa anthu amenewo anadzakhala aphunzitsi okhwima, ena ahedi abwino kwambiri amene ndinagwira nawo ntchito. Koma dzina linali litaipa kale. Komanso lero m'mudzi uliwonse muli odziwa kuwerenga, foni ili m'thumba, kalata siipitanso kwa aphunzitsi. Chimenecho ndi chipatso cha ntchito ya aphunzitsi omwewo, kungoti chinawachotsera mpando uja wa pafupi ndi mfumu.

Mwana wanu sakulowera pakhomo la 1994 lija. Lero kuti munthu atengedwe ku TTC ayenera kukhala ndi MSCE yabwino, ndipo ofuna malo ndi ochuluka kuposa malowo. Malume akamati ndi ntchito ya osowa pogwira, auzeni kuti alipo ambiri amene anafunsira limodzi ndi mphwawoyo koma mayina awo sanatuluke. Lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsanso Teachers Council of Malawi, bungwe lolembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, monga momwe anamwino ndi madokotala alili ndi mabungwe awo. Aphunzitsi ena amaliona ngati njira ina yowadulira ndalama, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Ine ndimaliona kuti ndi lofunika, pokhapokha ngati lingamachotsedi chiphaso kwa woononga ana ndi kuteteza dzina la otsalawo. Chiphaso chongolipira popanda chosintha sichingabweze ulemu wa munthu.

Ndiponso TTC si mapeto a msewu. Ndaona atsikana amene anayamba pa TL ku sukulu ya kumudzi kwenikweni, kenako n'kupita ku Domasi College of Education kapena ku Nalikule kukatenga dipuloma kapena digiri, ena kudzera m'maphunziro a patali a ku Mzuzu University akugwira ntchito. Lero ena akuphunzitsa ku sekondale pa giredi yapamwamba, ena ndi ahedi, alangizi a zoni, ena akuphunzitsa ku TTC komweko. Si onse amafikako, ndipo amene amafika ndi aja anayamba kuganiza za zimenezi chaka choyamba cha ntchito, ngongole ndi ana zisanawamange miyendo. Geni yomwe malume akunenayo ikhoza kudikira, ndipo aphunzitsi ambiri aakazi amaichita ndithu pambali, kugulitsa mpunga, nsomba zouma kapena zitenje. Koma malo a ku TTC akawataya chaka chino, palibe angamulonjeze kuti adzawapezanso.

Musanamuperekeze, khalani naye pansi inu awiri, malume kulibe, mumufunse ngati amakondadi ana. Osati ngati akufuna ntchito, chifukwa ntchito aliyense akuifuna. Kodi ang'ono ake akamalephera homuweki amawathandiza moleza mtima, kapena amawakalipira n'kuwalanda kope? Ku Sande sukulu kapena ku madrasa, tiana timamuthamangira kapena timamuthawa? Inu mayi ake mukudziwa kale yankho. Wokonda ana amapirira malipiro ochepa chifukwa pali china chomwe amalandira tsiku ndi tsiku. Mayi wa Sitandade 1 ndanena uja, titakhala pansi pa mango paja, anatulutsa kope limodzi pamulupo n'kundionetsa. Linali la kamnyamata kamene teremu yonse yoyamba sikanayankhulepo m'kalasi, ndipo tsiku limenelo kanalemba dzina lake lonse kokha, malembo opendekera koma owerengeka. Nkhope ya mayiyo sindidzaiiwala. Wosakonda ana, ngakhale mutamuwirikizira malipiro, amakhala wowawidwa mtima, ndipo amene amalipira ndi ana a eni.

Mumuuzenso zinthu zingapo zomwe ku koleji sakamuuza. Akadzangoyamba kulandira, obwereketsa ndalama adzamupeza okha pa sukulu, mafomu ali m'manja, mawu okoma, ndalama tsiku lomwelo. Chaka choyamba asasaine chilichonse. Ngati akufuna kusunga kapena kudzabwereka mtsogolo, alowe SACCO kapena banki mkhonde ya anthu owadziwa, ndipo asabwereke ngongole yobwezera ngongole inzake. Makalata onse a ntchito, kuyambira yomulemba ntchito, yomutumiza ku sukulu, mapepala a malipiro, awasunge mu fayilo imodzi ndi mafotokope ake, chifukwa tsiku lolondola ndalama zotsalira kapena penshoni adzafunsidwa pepala la zaka makumi awiri zapitazo. Ndipo adziwe kuti akhoza kutumizidwa kutali ndi tauni, kumene nyumba za aphunzitsi ndi zochepa kapena kulibe, madzi ndi a pa mjigo, chipatala chili makilomita ambiri. Kwa mtsikana wosakwatiwa nkhani ya nyumba ndi yaikulu. Akadzatumizidwa, inu kapena malume akewo mudzapite naye, mukaonane ndi ahedi, a komiti ya sukulu ndi mfumu, mukaone ndi maso kumene azikagona ndiponso kuti chitseko chake chimatsekeka.

Inunso a m'mudzi muli ndi gawo lanu pa nkhani ya ulemuyi, ndipo silifuna bajeti. M'zoni momwe ndinkayendera, sukulu zimene aphunzitsi sankapempha kusamuka sizinali za malipiro osiyana ndi zina. Zinali zija zimene makolo anaumba njerwa n'kumanga nyumba ya aphunzitsi, zimene mfumu inkapereka kamunda koti mphunzitsi alimeko chimanga kapena mpunga, zimene kholo likakhala ndi dandaulo linkapita kwa ahedi m'malo mokatukwana mphunzitsi pamaso pa ana. Mmene mumamutchulira mphunzitsi wa ana anu ang'onoang'ono pakhomo panu, ndi mmenenso makolo a kwina adzamutchulire mwana wanuyu.

Za malume, musakangane nawo. Ndi eni mbumba, ndipo mantha awo ndi a chikondi, sakufuna kudzaona mphwawo akuvutika. Awerengereni yankho lino lonse, ndi mbali zomwe ndawavomereza zomwe. Kenako apempheni kuti Lolemba likubwerali mupite limodzi pa sukulu ya pulayimale yomwe muli nayo pafupi, mukapemphe ahedi kuti akuloleni kukhala kumbuyo kwa Sitandade 1 kwa ola limodzi, mtsikanayo ali nanu. Potuluka, malumewo amufunse yekha ngati akufunabe. Akati inde ataona zimenezo, ndalama ya geni ija mumugulire sutikesi, neti ya udzudzu ndi nsapato zolimba, chifukwa ntchito imeneyi ndi yoimirira.